Yanis Varoufakis: Mphunzitsi wa Zachuma Amene Anakafuna Yankho M'nkhani Yopeka

Mu 1995 kampani yosindikiza mabuku ya Routledge inatulutsa buku la ophunzira a payunivesite lotchedwa Game Theory: A Critical Introduction. Olemba ake anali awiri: Shaun Hargreaves Heap ndi Mgiriki wina amene panthawiyo ankaphunzitsa ku Sydney, Yanis Varoufakis. Ndi buku lodzaza ndi timabokosi ta manambala, lofuna munthu akhale pansi ndi pensulo m'manja. Patadutsa zaka 25, mu 2020, Varoufakis yemweyo anatulutsa Another Now, nkhani yopeka ya injiniya amene makina ake aboola mwangozi chipupa cholekanitsa dziko lathu ndi dziko lina, n'kuyamba kulemberana mauthenga ndi munthu wa kumeneko yemwe ndi iye mwini.

Wongomva zimenezi angati bamboyu anatopa ndi masamu, anafuna kukapumako. Ine ndimaona mosiyana. Ukawerenga mabuku ake motsatana umapeza kuti a m'kalasi aja anadzutsa funso limene iwo sakanatha kuliyankha, ndipo nkhani yopekayo inabwera kudzabweza ngongoleyo.

Varoufakis anabadwira ku Athens mu 1961, ndipo anakula asilikali akulamulira Greece ndi mfuti kuyambira 1967 mpaka 1974. Bambo ake anakhalapo m'ndende ya pachilumba cha Makronisos chifukwa chokana kusaina chikalata chodzudzula chikomyunizimu. Mu 1978 mnyamatayo anapita ku England, kumene anaphunzira zachuma ndi masamu ku Essex ndi ku Birmingham, n'kumaliza digiri ya udokotala ku Essex mu 1987. Zaka zimenezo ndi za Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya Britain, mayi amene ankakonda kunena kuti njira ina palibe, msika ndiwo basi. Mawu amenewa anamukhala Varoufakis pamtima zaka makumi anayi.

Tiyambe ndi game theory, chifukwa ndi pamene pali muzu. Ili ndi phunziro la mmene anthu amasankhira chochita pamene zotsatira zake zikudaliranso zimene wina asankhe. Chitsanzo chimene wophunzira aliyense amayamba nacho ndi cha anthu awiri amene apolisi awagwira limodzi n'kuwatsekera m'zipinda zosiyana. Aliyense akuuzidwa kuti: ukamuulula mnzako iye n'kukhala chete, iwe utuluka lero, iye agwira zaka khumi, mukaululana nonse, zaka zisanu aliyense, mukakhala chete nonse, chaka chimodzi chokha. Aliyense akawerengera payekha amapeza kuti kuulula n'kumene kumupulumutse, kaya mnzakeyo achita chiyani. Mapeto ake onse awiri amaulula, n'kugwira zaka zisanu pamene kutseka pakamwa kukanawapatsa chimodzi. Nzeru za munthu mmodzimmodzi zabala kupusa kwa gulu.

Varoufakis ndi mnzake uja amaphunzitsa zonsezi mosamala, kenako amatembenuka n'kufunsa: kodi munthu wa m'timabokosi timeneti ndani? Alibe mbiri, sachita manyazi, sakumbukira kuti mnzake wa chipinda chinacho anamuthandizapo. Ndipo kuti masamu ayende, pamafunika kuti aliyense adziwe kuti mnzake ndi wowerengera, adziwenso kuti mnzakeyo akudziwa kuti iye akudziwa, mpaka kalekale. Choposa apa, m'masewera ambiri masamu satulutsa yankho limodzi. Amatulutsa angapo, onse olondola mofanana, ndipo chimene chimasankha pakati pawo ndi zinthu zimene masamuwo anazisiya panja: chizolowezi, mbiri, ndi funso lakuti wamphamvu ndani. Mfundo imeneyi sanaisiyenso moyo wake wonse.

Buku lake la 1998, Foundations of Economics, analikonza mwa njira yomweyo. Gawo lililonse limayamba ndi zimene mabuku onse a chaka choyamba amaphunzitsa, kenako limafotokoza kumene maganizowo anachokera, kenako limawaunika ngati ali ndi miyendo. Mphunzitsi wochita chonchi amadziwonjezera ntchito, chifukwa kupereka malamulo oti ana aloweze n'kosavuta kusiyana ndi kuwaonetsa pamene malamulowo amathera. Koma ndi ulemu waukulu kwa wophunzira.

Apa m'pamene mtunda wa pakati pa buku la m'kalasi ndi nkhani yopeka umafupika. Phunziro lililonse la zachuma limayamba ndi mawu akuti "tiyerekeze". Tiyerekeze kuti padziko pali katundu wamitundu iwiri yokha. Tiyerekeze kuti wogula aliyense akudziwa mitengo yonse. Tiyerekeze kuti palibe wogulitsa wamkulu woti n'kupondereza anzake. Ameneyu ndi "padangokhala" wa akatswiri: amamanga dziko losakhalapo, amaika malamulo ake, n'kuona chimene chichitike. Wolemba nkhani zopeka za sayansi amachita chimodzimodzi. Amasintha chinthu chimodzi m'chilengedwe kapena m'mbiri n'kutsatira zotsatira zake mokhulupirika. Kusiyana kwake n'kwakuti wowerenga nkhani yopeka amadziwa kuti ndi yopeka, pamene dziko la "tiyerekeze" limatha kulowa m'maofesi a maboma n'kusanduka lamulo la misonkho ndi malipiro a anthu enieni.

Si Varoufakis yekha amene anaona ubale umenewu. Paul Krugman, katswiri wa zachuma amene analandira mphotho ya Nobel mu 2008 ndipo mabuku ake a m'kalasi amagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, ananena poyera kuti nkhani zopeka za sayansi za Foundation za Isaac Asimov ndi zimene zinamukokera ku zachuma. Mu 1978 analemba pepala lowerengera chiwongola dzanja pa katundu woyenda pakati pa nyenyezi, limene linadzasindikizidwa mu 2010. Koma Krugman anaimira pakhomo. Varoufakis analowa.

Kulowako kunachitika pang'onopang'ono. Mu The Global Minotaur, buku la 2011, anabwereka nthano ya makolo ake. Kale, amati, mzinda wa Athens unkatumiza anyamata asanu ndi awiri ndi atsikana asanu ndi awiri ku Crete kuti akadyedwe ndi chilombo cha mutu wa ng'ombe chotchedwa Minotaur, ndipo mtendere unkagulidwa ndi msonkho wamagaziwo. Varoufakis anati chuma cha dziko lonse chinayenda motero kuchokera mu 1971, pamene pulezidenti wa America Richard Nixon anadula chingwe chomangirira dola ku golide. America inayamba kugula kunja zambiri kuposa zimene inkagulitsa. Mafakitale a ku Germany, Japan ndipo kenako China anapeza msika wosakhuta, ndipo phindu lawo lalikulu linkabwerera ku Wall Street, likulu la misika ya ndalama ku America, kukafuna chiwongola dzanja. Ndalama zobwererazo n'zimene zinkalipira ngongole za America, gudumu n'kumazungulira. Mu 2008, mabanki akuluakulu atayamba kugwa, chilombo cha America chija chinavulala, ndipo palibe china chinalowa m'malo mwake. Akatswiri ena amatsutsa mbali zina za kafotokozedwe aka, koma taonani chimene chachitika: mphunzitsi wa timabokosi uja wapeza kuti nthano ikunyamula katundu amene manambala okha amalephera kumufikitsa kwa anthu.

Mu 2012 anachita chinthu chimene anzake ambiri anadabwa nacho. Anavomera ntchito ku Valve, kampani ya masewera a pakompyuta ya ku Bellevue ku America, ataitanidwa ndi mkulu wake Gabe Newell. M'masewera a kampaniyi osewera amasinthana zinthu zongooneka pa sikirini, monga zipewa ndi makiyi, ndipo popanda wolamula, makiyi ena anasanduka ndalama yoyezera mitengo ya zinthu zina. Kwa katswiri wa zachuma awa anali malo osowa: msika wathunthu umene kusinthana kulikonse kumalembedwa. Chinanso chimene anachiona n'chakuti kampaniyo inkadziwika ndi kusakhala ndi mabwana olamula antchito chochita. Munthu ankasankha yekha gulu loti agwire nalo. Zimenezi anazisunga, ndipo tidzazipezanso.

Chaka chotsatira, mu 2013, analemba m'Chigiriki kabuku kofotokozera mwana wake wamkazi za chuma, kamene kanatuluka m'Chingerezi mu 2017 ndi dzina lakuti Talking to My Daughter About the Economy. Mulibe masamu. Muli nthano ya Faust wogulitsa mzimu wake pofotokoza ngongole, muli ya Frankenstein wopanga chilombo pofotokoza makina, muli akaidi a nkhondo amene anasandutsa ndudu kukhala ndalama. Mulinso makina ongoganizira otchedwa HALPEVAM, amene amawerenga ubongo wako n'kukupatsa moyo wabwino koposa umene ungaufune, bola uvomere kulowamo osatulukanso. Funso kwa mwanayo linali lakuti: ungalowe? Ndipo ngati ukukana, ndiye kuti mabuku onena kuti munthu amangofuna kukhutitsa zilakolako zake akusowa kanthu kena.

Kenako panabwera 2015. Greece inali italandira ngongole ya mayuro 110 biliyoni mu 2010 ndi ina ya 130 biliyoni mu 2012, zonse ndi malamulo okhwima odula malipiro, penshoni ndi ntchito za boma. Chuma cha dzikolo chinali chitachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo ulova unadutsa 27 peresenti mu 2013. Chipani cha Syriza chitapambana pa 25 Januwale 2015, mtsogoleri wake Alexis Tsipras, atakhala nduna yaikulu, anasankha Varoufakis kukhala nduna ya zachuma. Anakhala pampandowo miyezi isanu ndi masiku ochepa. Mfundo yake inali yakuti dziko limene lagwa ndi ngongole silingachire ndi ngongole ina yaikulu, ndipo mbali ina iyenera kukonzedwanso. Obwereketsa, amene anali European Commission, European Central Bank ndi IMF, sanasunthe. Kumapeto kwa Juni mabanki anatsekedwa, munthu ankaloledwa kutapa mayuro 60 okha patsiku, ndipo okalamba ankaima pamizere padzuwa. Pa 5 Julayi anthu 61 pa 100 alionse anavota kukana zimene obwereketsa ankafuna. M'mawa mwake Varoufakis anatula pansi udindo, ndipo patangopita sabata Tsipras anavomera mgwirizano wa ngongole yachitatu, ya mayuro ofika 86 biliyoni.

Za miyezi imeneyi anthu sagwirizana mpaka lero. Ena amati ndi yekhayo ananena zoona m'chipinda chodzaza ndi anthu odziwa zoonazo koma oopa kuzinena. Ena, kuphatikizapo Agiriki ambiri, amati anaseweretsa dziko lake ngati phunziro la m'kalasi, ndipo kutsekedwa kwa mabanki kunapweteka anthu omwe ankati akuwateteza. Mbali yake anailemba mu Adults in the Room mu 2017, buku lothamanga ngati nkhani ya akazitape, lokhala ndi misonkhano ya usiku, mafoni ndi kuperekana, moti wopanga mafilimu Costa-Gavras analisandutsa filimu mu 2019. Owerenga akumbukire kuti ndi umboni wa munthu mmodzi wa pamlanduwo. Komabe chimene iye anatulukamo nacho n'chomveka: pa tebulo lija mfundo yolondola sinali ndi mphamvu, chimene chinali ndi mphamvu ndi kiyi wa mabanki. Ndi phunziro lomwe lija la 1995, lakuti masamu akalephera kusankha amasankha ndi wamphamvu, koma tsopano analiphunzira ndi thupi lake.

Munthu amene watha zaka zonsezi akudzudzula dongosolo la chikapitalisti sangathawe funso limodzi: chabwino, nanga m'malo mwake tiikepo chiyani? Varoufakis anavomereza yekha kuti funsoli ankalizemba. Kuliyankha ndi buku la m'kalasi kukanamukakamiza kulankhula ndi liwu limodzi, ngati wotsimikiza zonse, pamene iye mwini ankadzitsutsa mumtima pa mfundo zambiri. Nkhani yopeka inamulola kugawa kukayika kwakeko kwa anthu atatu.

Woyamba ndi Costa, injiniya wokhumudwa ndi mmene makampani akuluakulu amagwiritsira ntchito luso lake, ndipo ndi iye akupanga HALPEVAM uja. Wachiwiri ndi Iris, mayi womenyera ufulu wa akazi, wa maganizo a Marx, amene waona omenyera kusintha ambiri akusanduka mabwana. Wachitatu ndi Eva, amene ankagwira ntchito ku banki ya Lehman Brothers isanagwe mu 2008, wokhulupirira msika ndi mtima wonse. Mu 2025 makina a Costa akutsegula kampata kopita ku dziko lina limene linali limodzi ndi lathu mpaka 2008, kenako n'kupatuka. Kudzera pa kampatako atatuwa akufunsa mafunso anzawo a kumeneko, mayankho akubwera, ndipo iwo akukangana.

Dziko linalo lili ndi misika, mitengo, ndalama ndi mpikisano. Chimene lilibe ndi msika wa masheya ndi mabanki abizinesi. Munthu akalembedwa ntchito pakampani amalandira sheya imodzi, yokhala ndi voti imodzi. Sangaigulitse, sangaibwereketse, ndipo akachoka amaisiya, ngati khadi la ku laibulale. Malipiro oyambira ndi ofanana kwa onse. Za bonasi zimayenda motere: wantchito aliyense amapatsidwa mapointi 100 oti agawire anzake malinga ndi mmene waonera ntchito yawo, osadzipatsa yekha, ndipo bonasi imatsatira mapointiwo. Apa mthunzi wa Valve ukuoneka bwino. Makampani amapereka msonkho wa 5 peresenti pa ndalama zonse zimene alowetsa, ndipo msonkho wa pamalipiro kulibe.

Munthu aliyense ali ndi akaunti ku banki yaikulu ya dziko, yogawidwa patatu: thumba losungira zimene wapeza, thumba la cholowa limene mwana aliyense amaikiridwa tsiku lobadwa, ndi thumba lolandirira gawo lake la mwezi ndi mwezi kuchokera ku chuma cha onse. Pa malonda a pakati pa mayiko pali ndalama yowerengera yotchedwa Kosmos, ndipo dziko logulitsa mopitirira limalipira chindapusa chimodzimodzi ndi dziko logula mopitirira. Iyi si mfundo yatsopano. Ndi ya John Maynard Keynes, katswiri wa zachuma wa ku Britain, amene anapita nayo ku msonkhano wokonza malamulo a ndalama za pakati pa mayiko ku Bretton Woods mu 1944, America n'kuikana. Kwa Mgiriki amene anaona dziko lake likulangidwa chifukwa cha ngongole pamene obwereketsa sakufunsidwa kanthu, n'zosadabwitsa kuti anaifukula.

Mbali yogunditsa mtima ili pa mmene dzikolo linasinthira. Kunalibe nkhondo. Kunali magulu a anthu odziwa mmene misika ya ndalama imalukidwira, amene anazindikira kuti mapepala a ngongole a mabiliyoni ambiri amatsamira pa mabilu a madzi ndi magetsi a anthu wamba. Anakopa mabanja ochuluka kuti achedwetse kulipira panthawi imodzi, mapepala aja n'kugwa mtengo, nyumba yonse n'kuyamba kugwedezeka. M'nkhaniyi, kuno kwathu nakonso nthawi ikutha: kampata kaja kakutsekeka, ndipo Costa ali ndi mantha kuti makampani a luso la makompyuta amulanda makinawo.

Kunena chilungamo, ngati nkhani, bukuli limalemera. Pali masamba ambiri pamene anthu atatuwa sakuchita kanthu koma kufotokozerana malamulo a misonkho, ndipo wofuna kuthamangitsana ndi kuwomberana adzakhumudwa. Mphunzitsi sanachoke m'chipindamo. Mafunso enanso sanayankhidwe mondikhutiritsa. Ngati sheya sigulitsidwa, ndani adzaika chuma chake pa ntchito yaikulu imene ingalephere? Kodi antchito 50 amene kampani yawo ikuyenda bwino adzafuna kulemba ena 50 oti agawane nawo mphamvu? Makampani a eni antchito alipo kale, monga a Mondragon ku Spain amene anayamba mu 1956, ndipo mbiri yawo ikuonetsa zonse ziwiri: akhalitsa ndipo alemba anthu masauzande ambiri, koma ena mwa antchito awo si mamembala, ndipo kampani yawo ya Fagor yopanga zipangizo za m'nyumba inagwa mu 2013. Ndiponso banki imodzi yosunga akaunti ya munthu aliyense ndi mphamvu yoopsa ikagwera m'manja oipa.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti wolembayo sanadzitchinjirize. Eva, wokonda msika uja, ndi amene akuyamba kukopeka, chifukwa akuona kuti kumeneko mpikisano ndi weniweni kuposa kuno, kumene makampani ochepa ameza ena onse. Iris, amene tikanayembekezera kuti avine, akukana. Akupeza kuti ngakhale mabwana ndi mabanki achoka, amuna akupondabe akazi, ndipo anthu akuyezabe chilichonse ndi funso lakuti ndipezapo chiyani. Kwa iye dziko labwino ndi limene munthu amachitira mnzake zabwino popanda kuwerengera, ndipo msika, ngakhale wokonzedwa bwino chotani, umadya mtima umenewo. Varoufakis anamanga nyumba yake ndi manja ake, n'kupatsa munthu wa m'nkhani yake mawu amphamvu koposa oigwetsera. Buku la m'kalasi silikanamulola kutero, chifukwa kumapeto kwa mutu uliwonse wophunzira amafuna yankho loti akalembe pamayeso.

Atamaliza nkhani yopekayi anabwerera ku dziko lathu ndi buku la 2023, Technofeudalism. Mfundo yake ndi yakuti chikapitalisti chaphedwa kale, ndipo wachipha ndi chuma cha mtundu watsopano: makompyuta ndi mapulogalamu a makampani monga Amazon, Google ndi Apple. Ukalowa pa Amazon, iye akutero, sunalowe mumsika. Walowa m'munda wa munthu mmodzi amene amasankha chimene uone, ndipo wogulitsa aliyense amamulipira lendi, monga alimi a ku Ulaya ankalipirira eni nthaka kalelo. Ife tonse timalimira mundawo ulere nthawi iliyonse tikalemba, tikajambula kapena tikadina. Akatswiri ambiri, ngakhale a mbali yake, amati uku n'kukokomeza, chikapitalisti changosintha malaya. Mkanganowo ukupitirira, koma mantha a Costa aja, oti makina odziwa zofuna za mtima wako angakhale ndi mwini wake, apa asanduka mutu wa buku lonse.

Bukuli analilemba ngati kalata yopita kwa bambo ake, mkaidi wa ku Makronisos uja, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ya zitsulo ndipo ankaphunzitsa mwana wake mbiri ya anthu poika tizidutswa ta zitsulo pamoto kuti aone mmene timasinthira. Mu 1993 Varoufakis akuwalumikizira kompyuta ku intaneti, bambowo anamufunsa ngati makina olankhulana okhaokhawa adzalimbitse chikapitalisti mpaka kalekale, kapena adzaulule pamene chili chofooka. Mwanayo analibe yankho tsiku limenelo. Linamutengera zaka 30, ndipo pamene bukulo linkatuluka, bambo ake anali atamwalira.